Momwe mungadziwire aircon ya split yodalirika musanatulutse ndalama

Aircon ya split ndi ija ya zigawo ziwiri: china chimapachikidwa pakhoma m'chipinda, china chimakhala panja, ndipo zimalumikizidwa ndi mapaipi awiri a kopa ndi waya. Siifuna mipita yoyendetsera mpweya kudenga, n'chifukwa chake yafala m'maofesi, m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi Salima, ngakhalenso m'makomo. Zambiri za masiku ano zimathanso kutenthetsa, zomwe anthu a ku Dedza ndi Mzuzu amayamikira mu June ndi July.

Mutu umazungulira mukalowa m'sitolo. Mayina ndi ambirimbiri, makina onse ndi oyera mofanana, ndipo wogulitsa aliyense amati ake ndiwo "orijino". Dzina la kutsogolo lokha silikuuzani zambiri. Zofunika kudziwa ndi ziwiri: makinawo anapangidwa ndi ndani, ndipo akadzafa pakatha zaka zinayi mudzawadzutsa ndi chiyani.

1. Werengani chomata cha m'mbali

Chigawo chakunja chimakhala ndi chomata chonena nambala ya modelo, dziko lomwe makinawo anapangidwira, mtundu wa gasi woziziritsa ndi kulemera kwake, komanso magetsi amene amakoka. Chijambuleni ndi foni. Mayina ambiri a m'masitolo alibe fakitale yawoyawo. Amagula makina opangidwa kale ku China n'kumatapo dzina lawo. Midea ya ku Foshan ndi Gree ya ku Zhuhai ndi ena mwa makampani aakulu kwambiri opanga ma aircon padziko lonse, ndipo amapangira mayina ena ochuluka. Zimenezi pazokha si zoipa. Nthawi zina ndi mwayi, poti sipeya ya fakitale yaikulu imalowa m'makina a mayina angapo. Oopsa ndi makina omwe nambala yawo mukaifufuza pa intaneti simupeza buku lokonzera, kapena mndandanda wa manambala amene amathwanima pakakhala vuto. Amenewo asiyeni pashelefu.

Funsaninso dzina la kompuresa, pampu yopanikiza ndi kuyendetsa gasi, poti ndiyo mtima wa makinawo komanso chigawo chodula kuposa zonse. GMCC ndi ya Midea, Landa ndi ya Gree, Highly imachokera ku Shanghai. Daikin, Panasonic, LG ndi Mitsubishi Electric amapanganso zawo, ngakhale si modelo iliyonse yomwe imabwera ndi kompuresa ya kwawo. Ndipo musasokoneze Mitsubishi Electric ndi Mitsubishi Heavy Industries. Awa ndi makampani awiri osiyana, ndipo masipeya awo salowana.

2. Onani ngati anapangidwira nyengo ndi magetsi a kuno

Pachomata kapena m'buku mupeza T1 kapena T3. Makina a T1 amayesedwa panja pakutentha madigiri 35 ndipo malire awo ndi cha m'ma 43. A T3 amayesedwa pa 46 ndipo amapirira mpaka cha m'ma 52. Ku Lilongwe ndi Blantyre T1 ndi yokwanira. Ku Nsanje ndi Chikwawa, komwe mu October ndi November kumapitirira madigiri 40, funani T3, makamaka ngati chigawo chakunja chikhale pakhoma lowombedwa ndi dzuwa la masana. Panja pakatentha kupyola malire, gasi amapanikizika kwambiri ndipo kompuresa imadzizimitsa podziteteza, ndiye makina amasiya ntchito pa nthawi yeniyeni yomwe mumawafuna.

Magetsi akhale a 220 mpaka 240V, 50Hz. Makina ochokera ku America ndi a 60Hz, ena a 115V, choncho musalole m'bale akutumizireni m'kontena.

Pano mufunika kusankha pakati pa ya inverter ndi yakale, yomwe kompuresa yake imangoyaka n'kuzima pa liwiro limodzi. Ya inverter imasintha liwiro la kompuresa, imadya mayunitsi ochepa, ndipo siikoka magetsi ochuluka poyamba, zomwe zimapeputsa jenereta kapena sola. Koma moyo wake uli pabolodi ya magetsi yomwe ili m'chigawo chakunja. Magetsi akathima n'kubwerera ndi mphamvu, kapena mphenzi ikawomba pafupi, bolodiyo ndi imene imapsa. Yakale ija nthawi zambiri imangofa kapasita, kachinthu kotsika mtengo komwe mmisiri aliyense amayenda nako. Mukasankha inverter, funsani malire a voteji yomwe imapirira, ndipo muwerengeretu mtengo wa chotchingira magetsi chomwe chimadikira mphindi zitatu chisanayatsenso makina. Mphindi zimenezo zimapatsa gasi mpata wofanana mphamvu mbali zonse, kuti kompuresa isadzuke mokakamizika. Pemphaninso kuona bokosi la bolodi: likhale lotsekeka bwino ndipo bolodiyo ikhale yokutidwa ndi utomoni. Abuluzi ndi nyerere zimakonda kufunda kwa m'menemo, ndipo buluzi mmodzi ndi wokwanira kuwotcha bolodi yonse.

Ngati mukufuna yotenthetsanso, pachomata pazilembedwa mphamvu ziwiri, yoziziritsa ndi yotenthetsa. Bokosi lolembedwa "cooling only" lilibe valavu yotembenuza gasi, ngakhale limoti yake itakhala ndi chithunzi cha dzuwa. Onaninso nambala yotchedwa COP: COP ya 3 imatanthauza kuti pa kilowati imodzi ya magetsi mukupeza makilowati atatu a kutentha, pomwe hita wamba amakupatsani imodzi yokha.

3. Gasi wake ndi uti?

R22 ndi wakale, ndipo pansi pa mgwirizano wa Montreal wa 1987 mayiko omwe akutukuka kumene ayenera kukhala atamusiya pofika 2030, kupatula wochepa wokonzera makina akale. Makina atsopano a R22 musagule, ngakhale atatsika mtengo motani. Omwe ali pamsika tsopano ndi R410A ndi R32. R32 ndi amene makampani ambiri asamukirako, koma amatha kuyaka pang'ono, choncho amafuna mmisiri womudziwa. Magasiwa sasakanizidwa.

4. Pitani kwa okonza, osati kwa ogulitsa okha

Apa ndi pomwe dzina lodalirika limaonekera. Pezani amisiri awiri kapena atatu okonza mafiriji ndi ma aircon omwe sagwira ntchito kusitolo mukufuna kugulayo. Afunseni kuti ndi mayina ati amawaitanira kawirikawiri, chimafa n'chiyani, ndipo sipeya amaipeza kuti. Kumbukirani kuti dzina logulidwa kwambiri limaonekanso kwambiri kwa okonza, ndiye funso lenileni si lakuti amaliona kangati, koma lakuti akaliona limakonzeka kapena ayi.

Kenako bwererani kwa wogulitsa ndi nambala ya modelo ija, mufunse mtengo wa zinthu zinayi: bolodi yakunja, bolodi yam'kati, mota ya fani ndi timasensa ta kutentha. Akakutulutsirani pashelefu kapena kukuuzani mtengo ndi masiku odikira, muli pabwino. Akayankha kuti "izi sizifa, bwana", dziwani kuti masipeya alibe. Makina otchuka a ku Japan omwe bolodi yake iyenera kuitanitsidwa kunja n'kudikira miyezi iwiri ya chilimwe, kwa inu ndi osadalirika poyerekeza ndi a dzina lapakati omwe masipeya awo ali ku Limbe kapena ku Area 2. Ndipo ngati mtengo wa bolodi ukuyandikira theka la mtengo wa makina onse, ganizani kawiri.

5. Werengani waranti mpaka kumapeto

Nambala yaikulu ya pabokosi, zaka zisanu kapena khumi, kawirikawiri imakhala ya kompuresa yokha. Zigawo zina zimakhala ndi nthawi yaifupi. Funsani ngati bolodi ili pa waranti, ngati malipiro a mmisiri ndi gasi akuwerengedwa, komanso amene adzayankhe mlandu ndani: sitolo ya kuno kapena ofesi ya ku Johannesburg kapena Dubai. Mawaranti ambiri amafa makina akaikidwa ndi munthu wosavomerezeka ndi kampani, akapanda kuchitidwa sevisi pa nthawi yake, kapena akapsa ndi magetsi. Lisiti likhale ndi manambala a zigawo zonse ziwiri.

6. Kukula kwake, ndi woika

Makina aang'ono m'chipinda chachikulu amathamanga osapuma, aakulu kwambiri amangoyaka n'kuzima, ndipo zonsezi zimafupikitsa moyo wa kompuresa. Mphamvu yoziziritsa imayezedwa mu BTU. Moyerekeza, 9,000 BTU imakwana chipinda cha masikweyamita 15, 12,000 BTU cha 20 mpaka 25, ndipo 18,000 BTU cha 30 mpaka 35. Onjezerani ngati denga ndi la malata lopanda siling'i kapena mawindo aakulu ayang'ana kumadzulo.

Zambiri zomwe anthu amanyozera dzina zimachokera pa tsiku loika. Mmisiri abwere ndi pampu yokoka mpweya m'mapaipi, ndipo aiyendetse mpaka geji itsike kufika mamaikironi 500. Amene amangotsegula gasi pang'ono kuti akankhe mpweya amasiya chinyezi m'kati, chomwe chimawononga mafuta a kompuresa pang'onopang'ono. Manati a mapaipi amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu: akalimba kwambiri mlomo wa paipi umang'ambika, akalefuka gasi amathawa. Gasi sachepa yekha, choncho makina ofuna kuwonjezeredwa chaka chilichonse ali ndi pobooka. Ambiri amabwera ndi gasi wokwanira mapaipi a mamita asanu, ndipo akatalika kuposa apo amawonjezera pa sikelo motsatira buku. Paipi ya madzi itsetsereke njira yonse, apo ayi madzi adzayenderera pakhoma.

Musamalize kulipira musanayese. Yatsani makina kwa mphindi 15, muyeze kutentha kwa mpweya wolowa pamwamba ndi wotuluka pansi pa chigawo cha m'chipinda. Kusiyana kukhale madigiri 8 kapena kuposa. Kenako, ngati ndi otenthetsanso, atembenuzeni kuti atenthetse, mudikire mphindi zingapo poti fani imachedwa dala kuyamba, ndipo mpweya wofunda ukatuluka, mmisiri asayine pa khadi la waranti ndi kulembapo tsiku.