Momwe mungamvetsere nsinjiro za chiyankhulo musanayankhe molakwika

Ana ambiri okulira ku Area 25, Kawale ndi Biwi amalankhula Chichewa bwinobwino, koma agogo akabwera kuchokera ku Mitundu n'kunena kuti "amalume anu atsamira mkono," mwana amaganiza kuti angogona, pamene agogowo akunena kuti amwalira. Pamayeso a MANEB, funso la nsinjiro za chiyankhulo, monga zining'a, zifanifani ndi mikuluwiko, limagwetsanso ambiri. Nayi njira yothandiza.

Choyamba, funsani ngati mawuwo akumveka mwachindunji. Munthu akati "nditsineni khutu," palibe amene akufuna kupwetekedwa. Akupempha kuti mumuuze zachinsinsi kapena mumuchenjeze. Tanthauzo lachindunji likakhala losayenera, dziwani kuti mwakumana ndi chining'a.

Chachiwiri, zindikirani mtundu wake. Chifanifani n'chosavuta chifukwa chimakhala ndi "ngati" kapena "monga": wakuda ngati makala. Chining'a ndi mawu ochepa obisa tanthauzo, monga kuuma mutu, kugwa mphwayi, kugwira njakata. Mkuluwiko ndi chiganizo chathunthu chopereka malangizo, ndipo mawu ake sasinthidwa: "Walira mvula walira matope."

Chachitatu, ndipo apa mpamene ndikufuna mudekhepo, onani malo, wolankhula ndi amene akumuuza. Mawu akuti "wataya madzi" kuchitsime ndi nkhani ya ndowa, koma pagulu la akuluakulu ndi ulemu wonena za kukodza. "Ali ndi pakati" amanenedwa posafuna kutchula mimba poyera. Pamaliro sitinena kuti munthu wafa, timati watisiya. Zining'a zambiri zinabadwa chifukwa cha ulemu ndi manyazi, choncho mukamva mawu achilendo pa nkhani ya imfa, thupi kapena banja, ganizani kaye chimene wolankhulayo akupewa kutchula.

Chachinayi, pa mkuluwiko jambulani chithunzi m'maganizo. "Mutu umodzi susenza denga": amene anaonapo anthu akukweza denga la nkhokwe sasowa womasulira. Mwana wam'tauni amene sanaonepo, mufotokozereni ntchitoyo kaye, tanthauzo libwere pambuyo.

Kenako gulani kope laling'ono. Lembani zimene mukumva m'minibasi, mumsika wa Tsoka, pawailesi ndi pazinkhoswe, pamodzi ndi chiganizo chonse chimene mawuwo anatulukira. Kuloweza mndandanda popanda ziganizo sikuthandiza kwenikweni. Madzulo funsani wamkulu pakhomopo, kenako chigwiritseni ntchito chining'acho polankhula sabata yomweyo.