Muli ku Joni, nyumba ili ku Mangochi: kutseka kwake ndi uku

Kuno kwathu ukaona nyumba ya malata onyezimira, mawindo a magalasi, dishi pamwamba koma pakhomo pali zii, sufunsanso kuti mwini wake ali kuti. Ali ku Durban, kaya Cape Town, kaya Johannesburg. Kuyambira ku Makanjira, Katuli, Namwera, M'baluku mpaka ku Monkey Bay nkhani ndi yomweyo, nde vuto lake ndi loti zimene ukuona iwezo mbava nazo zikuona. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera, zitseko zothyoledwa zimabwera pa shedi panga kuti ndikonze, ndiye zimene ndikuuzeni apa ndi zimene zitsekozo zimandionetsa.

Choyamba iwalani kaye za loko. Nyumba yosagonamo munthu ilibe loko imene ingaiteteze, chifukwa wakuba akadziwa kuti muno simugona aliyense amagwira ntchito yake mosathamanga, akhoza kubwera lero kudzamasula, mawa kudzanyamula. Ikanimo munthu. Bola akhale wa banja lake, wa ana, woti pakhomo pazioneka utsi, zovala pa chingwe, pabwalo posesedwa. Kamnyamata kokha kamene kamagona ku vidiyo sho kapena kamapita ku nyanja usiku ndi asodzi, ameneyo si mlonda, nyumba yanu isanduka bwalo la bawo la anzake basi. Mpatseni zipinda ziwiri, katundu wanu yense mumuike m'chipinda chimodzi chokhoma bwino, ndipo mugwirizane momveka, mayunitsi a ESCOM agula ndani, bilu ya madzi alipira ndani, udzu alambula ndani. Zimenezi mukambirane pali mwinimbumba kapena amfumu, osati pa WhatsApp awiriwiri. Komanso muzimutumizira kangachepe mwezi ndi mwezi pa Airtel Money kaya Mpamba, olo ndi m'bale wanu. Munthu amene akulondera firiji ndi matilesi atsopano iye m'nyumba mulibe ufa, tsiku lina adzadzilipira yekha, inu mudzangomva kuti akuba anabwera.

Ndipo apa ndinene poyera, zitseko zina zimene amati zathyoledwa ine ndikaziona sindipeza pothyoka. Analowa ndi kiyi. Akakhala mlamu wanu kapena mwana wa achemwali, nkhani imathera m'mimba, paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nde kuli bwino kuchepetsa manja ogwira makiyi kusiyana ndi kudzakangana pa maliro.

Nyumba ikangotha kumangidwa sinthani maloko onse. Amisiri, opaka penti, oika matailosi, wa magetsi, onsewo kiyi inadutsa m'manja mwawo, ndipo kudulitsa ina pa msika ndi nkhani ya mphindi zochepa. Posinthapo musagule kaloko ka 2 lever kotchipa kaja. Makiyi ake ali ndi nambala, mitundu yake ndi yochepa, munthu amangowerenga nambala nkupita ku hadiweya kukagula inzake, penanso kiyi ya kuchipinda kwa neba imatsegula kwanu. Gulani ya 3 lever kupita m'mwamba, kapena ya silinda, ndipo makiyi atatu amene amabwera mu paketi mudziwe kuti iyi ili ndi uje, iyi ili ndi uje, yachitatu muli nayo inu ku Joni konko. Zobisa kiyi pansi pa mwala, pamwamba pa felemu, m'chitini cha maluwa kapena kunsi kwa mtondo, aMalawi tonse timabisa malo omwewo, wakuba naye anakulira pakhomo ngati lanu lomwelo.

Tsopano chitseko chenichenicho. Anthu ambiri amatumiza loko yaikulu ya Yale kuchokera ku Joni nkuikoleka pa kahasipu komangidwa ndi masikuluwu anayi oonekera kunja. Wakuba sailimbana nayo lokoyo, amangomasula masikuluwu kapena kukanula ndi chitsulo, loko yanu nkutsala ili chikhomere pansi. Hasipu imangidwe ndi mabawuti odutsa mpaka mkati, manati ake akhale mkati. Mahinjesi akhale mkatinso. Onani felemu ngati ili ya thabwa, chiswe cha kuno sichichedwa, kunja penti ili bwinobwino mkati muli mphako, mwendo umodzi chitseko chagwa. Ngati ndalama ilipo ikani felemu ya chitsulo ndi geti la chitsulo kutsogolo kwa chitseko, ndipo muuzeni wowotcherera aike kabokosi kophimba loko kuti chodulira chisapeze pogwira. Kabokosi kameneka ndi kotchipa koma kamagwira ntchito kuposa loko yodula. Khomo lakuseri, la kukhitchini lija, ndi limene timalinyozera, kutsogolo timaika chitseko chogoba cha maluwa kuti odutsa aone, kuseri kathabwa. Akuba salowera kumene kuli maso a anthu. Kuseriko ikani mpiringidzo wa chitsulo mkati, wa makolo uja, palibe chachikale pamenepo.

Mabagala a m'mawindo musalole timawaya toonda topindika ndi manja. Ndodo za 12 mm ndiye poyambira, mipata yake yoti mutu wa mwana usadutse, chifukwa ena amalowetsa kamwana kuti kakatsegule mkati. Nsonga zake zilowe m'khoma ndi simenti, osati kungodonthezera moto pa felemu. Kawindo ka kubafa nakonso. Ndiye ndi kutentha kwa mu Okutobala kuno palibe amene angagone mawindo otseka, choncho onjezerani waya wa sefa kuseri kwa mabagala, umatchinga udzudzu komanso aja owedza mafoni ndi mabuluku ndi ndodo usiku. Bedi ndi potchajira foni zikhale kutali ndi windo.

Pali malo awiri amene anthu saganizira, khoma ndi denga. Nyumba yomangira matope, njerwa zake amazizula imodziimodzi atanyowetsa ndi madzi, opanda phokoso. Ngati munamangira matope pulasitalani ndi simenti kunja ndi mkati, makamaka chipinda cha katundu chija. Denga nalo amakanula lata nkutsikira m'kati, siling'i ya bolodi siimitsa munthu, nde pamwamba pa chipinda chimenecho yalani waya wochindikala kapena ndodo zachitsulo. Sola ikhale mu felemu yowotcherera kudenga, batire ndi inveta m'nyumba. Koma potseka monsemu kumbukirani kuti m'nyumbamo mukugona amayi anu kapena ana anu. Kiyi ya geti usiku ikhale pa msomali umodzi wodziwika kwa aliyense, pafupi ndi khomo koma poti dzanja lochokera pawindo silifika, kuti kandulo ikagwira katani anthu atuluke.

Izi zonse ndi zitsulo. Chimene chimaitana akuba kwenikweni ndi pakamwa ndi sitetasi. Thiransipota wafika masana dzuwa lili pamutu, akutsitsa pulazima, sabufa, firiji, njinga yamoto, mudzi wonse waima kuonerera, makatoni ake nkutayidwa kudzala kuti aliyense awerenge kuti TV ndi ya mainchesi angati. Madzulo inu muli ku Joni mwaika pa Facebook, katundu wafika bwino Alhamdulillah. Kuthokoza Mulungu nkwabwino koma sikufuna chithunzi. Uzani akunyumba katundu alowe msanga, makatoni awotche kapena awasunge mkati. Tsiku lonyamuka kubwerera ku Joni musalengeze, ndipo akazi anu akapita kumudzi kukakolola sabata ziwiri asaike sitetasi ali pa kabaza. Ndalama za pa Mukuru akakatenga asauze gulu, ndipo zisagone m'nyumba, zikhale mufoni kapena ku banki.

Ine maganizo anga, katundu amene simumugwiritsa ntchito mpaka mudzabwere mu Disembala bola osatumiza nkomwe. Gulani simenti mumange, njerwa zomangidwa sizinyamulika.

Nthawi zimene nyumba zimathyoledwa nazo nzodziwika. Lachisanu masana amuna onse ali ku Juma. Mwezi wa Ramadan usiku anthu ali ku tarawehe. Lamulungu m'mawa kwa opita ku tchalitchi, tsiku la msika, pa maliro, pa sadaka, nthawi ya zinamwali ana akutuluka mudzi wonse uli kovina. Ndi dzinja, mvula ikamaomba pa malata olo munthu akhome khoma ndi hamala wa nyumba yoyandikana samva kanthu, komanso udzu ukatalika pakhomo umaulula kuti eni kulibe. Masiku oterewa pakhomo patsale munthu mmodzi wamkulu, musinthane. Babu la sola loyaka lokha kukada ikani kutsogolo ndi kuseri. Galu ngati chipembedzo chanu ndi pakhomo panu zikulola ndi wabwino, ngati ayi musadzikakamize. Makamera a sola a simu khadi aja akutchuka, ndi abwino ndithu, koma amafuna bandulo ndi netiweki, ndipo ntchito yake nkukuonetsani mukuberedwa muli ku Isipingo, amene angathamangire ndi neba. Nde neba ameneyo mukhale naye bwino, nambala yake musunge, ya amfumu, ya wapampando wa komiyuniti polisi wa m'dera lanu, ndipo akamasonkhetsa za matochi ndi mawezulo a olondera musamazembe poti muli kunja. Mukabwera kamphatso ka neba kasasowe m'chikwama.

Tiwoloke Beitbridge tsopano, chifukwa kumenekonso abale athu akuberedwa, makamaka ongofika kumene. Kwathu tinazolowera kungokoka chitseko nkuuza a pafupi kuti tandionerani pakhomopo. Ku Diepsloot kaya Dunoon kaya Mayfair, wa chipinda chinacho mwina sadziwa ndi dzina lanu lomwe, ndipo pa yadi imodzi pamadutsa anthu osawerengeka. Khomani olo mukupita ku toileti kapena pa mpopi pomwepo. Khomani muli mkati masana. Tsiku lolowa chipinda gulani loko yanuyanu, imene mwaipezayo makiyi ake ali ndi onse amene anakhalamo kale. Ngati ndi mkuku, kanyumba ka malata okhaokha kaja, tcheni chodutsa pa chitseko ndi pa nsanamira chimaposa hasipu, ndipo onani malata a m'mbali ngati sanakhomedwe moti munthu angamasule ali kunja. Mukakhala anthu asanu chipinda chimodzi, monga timachitira pothandizana lendi, aliyense akhale ndi thiranki kapena chikwama chake chokhoma, ndipo wina akasamuka loko ya pakhomo isinthidwe tsiku lomwelo popanda kukwiyirana. Malipiro asagone pansi pa matilesi, aliyense amadziwa kuti mwezi watha ndipo ambiri a ife timalandira pamanja, tumizani tsiku lomwelo. Wogogoda usiku akati ndi wapolisi, muuzeni akuonetseni khadi lake la ntchito pawindo musanatsegule. Nambala ya polisi kumeneko ndi 10111, pa foni ya m'manja 112 imagwiranso.

Zokhoma mageti a m'mafulati muzisamale. Moto umene unabuka mu nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Johannesburg pa 31 Ogasiti 2023 unapha anthu oposa 70, aMalawi anali m'gulumo, ndipo ena anakanika kutuluka chifukwa cha mageti okhoma. Musanalipire dipoziti funsani kuti usiku geti limakhomedwa ndi ndani, kiyi mupatsidwa kapena ayi, potulukira pena pali kuti.

Muganizirenso za tsiku loti simunabwerere kuchipinda. Munthu amagwidwa pa msewu nkupezeka ali ku Lindela, kosungira alendo oti abwezedwe kwawo, kapena zipolowe zothamangitsa alendo ngati za 2008 ndi 2015 zimabuka anthu nkuthawa ndi zovala za m'thupi zokha. Pakhale munthu mmodzi wodalirika, wakwanu, amene ali ndi kiyi yapadera ndi nambala ya landilodi ndi ya akunyumba, woti angakatole katundu wanu asanagawanidwe. Pasipoti, chitupa cha unzika, makalata a malo a kwa amfumu, bulu buku ya njinga, zonsezi jambulani muzitumize kwa munthu wina kapena pa imelo yanu. Jambulaninso manambala a kuseri kwa TV, firiji ndi sola, nambala ya injini ndi ya tchesisi ya njinga yamoto, ndipo pa foni imbani *#06# mulembe IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, pa pepala. Popanda manambala amenewa olo katundu wanu mumupeze pa msika, mudzangoti ndi wanga, winayo nayenso ati ndi wanga.

Zikachitika ndithu kuti athyola, auzeni akunyumba asakonze kaye kapena kusesa, ajambule pamene alowera, adziwitse amfumu ndi a komiyuniti polisi kenako akapereke lipoti ku polisi ya pafupi, kaya pa boma, Namwera, Monkey Bay kapena Makanjira. Ku Joni kutsegula mlandu ku SAPS, polisi ya kumeneko, nkwaulere ndipo amakupatsani nambala ya mlandu, isungeni. Musatume achinyamata pa foni kuti akamenye amene mukumuganizira, akamupweteka omangidwa ndi abale anu omwewo, mwinanso munthuyo sanabe nkomwe. Pamene alowerapo pakonzedwe tsiku lomwelo, maloko onse asinthidwe olo amene sanakhudzidwe, chifukwa makiyi apadera aja mwina apita nawo. Ndipo musafulumire kutumiza pulazima ina. Anyamatawo akudziwa kuti mwini wake ali ku Joni agula ina, njira ya m'nyumbamo aidziwa kale, nde amangodikira thiransipota. Yambani mwalipira simenti, geti ndi mlonda, TV idzabwera ndi inu nomwe.