Mabuku abwereranso m'kabati, ana atsala ndi bolodi

Teremu yachiwiri ino yayamba mvula ili pakati, ndipo poyendera sukulu za m'zoni yathu monga mlangizi wa maphunziro ndapezanso chinthu chomwe ndinkayesa kuti tinathana nacho kale. Mabuku a ana a Sitandade 1 mpaka 4 abwerera m'makabati. Kwina makiyi ali m'thumba mwa ahedi, ahediwo apita ku boma. Kwina mabuku akadali m'makatoni momwe anabwerera, chingwe chosadula, ataunjikidwa pakona ya ofesi pafupi ndi matumba a ufa wa phala. Mukafunsa, mayankho amakhala ngati anachita kupangana: ana anyowetsa, denga la Sitandade 2 likudontha, tidzatulutsa mvula ikasiya. Mvula kuno imasiya cha mu Epulo. Ndiye kuti teremu yathunthu, gawo limodzi mwa magawo atatu a chaka cha sukulu, mwana aimaliza osagwira buku.

M'kalasi yotere mumatsala bolodi ndi pakamwa basi. Aphunzitsi alemba maphatikizo mzere umodzi, ka ke ki ko ku, pansi pake mawu anayi kapena asanu ndi chiganizo chimodzi. Atenga kandodo, aloza, kalasi yonse ikuwa. Alozanso, ikuwanso. Wodutsa pamsewu akamva phokosolo amagwedeza mutu kuti pasukulu pano ana akuphunzira. Koma imiritsani mwana mmodzi wa kumbuyo, mumulozere "ko" osayambira poyamba. Anena "ka", chifukwa chimene wasunga m'mutu ndi ndondomeko ya kakuwidwe, malembowo sakuwaona. Fufutani chiganizo chija mulembe china, mumva theka la kalasi likukuwabe chakale chija molimba mtima, maso ali pa bolodi. Mtsikana wina wa Sitandade 2 nditamupatsa buku lomwe linali m'chikwama changa, analilandira ndi manja awiri mwaulemu, n'kulitsekula kuyambira kumapeto. Anayang'ana chithunzi, kenako n'kuyang'ana ine. Nditamuuza kuti aloze pomwe mzere ukuyambira, chala chinangoyendayenda patsambapo. Mwanayo si wogona m'mutu ayi, mayina a nyama zonse za pachithunzipo anatchula. Watha chaka ndi miyezi ali pasukulu, koma chiyambireni Januwale buku amangoliona m'manja mwa aphunzitsi.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti nyengo imene tikubisa mabukuyi ndi yomwe bolodi limatigwiritsa mwala koposa. Kukachita mdima wa mvula, m'makalasi athu a mawindo a njerwa zoboola aja, mwana wokhala pansi kumbuyo saona chilichonse. Choko chikagwira chinyezi sichilemba, chimangotereka. Bolodi lenilenilo mwina linapakidwa utoto kalekale, pano lachita mbuu. Ndiye mvula ikayamba kugunda malata, ngakhale aphunzitsi a mawu aakulu bwanji samveka kupitirira mzere wachitatu. Mphindi zimenezo mwana wokhala ndi buku pamiyendo akhoza kupitiriza yekha, kuloza ndi chala, kunong'onezana ndi mnzake. Wopanda buku amangopinda manja kudikira mvula ikate, ena kuyamba kutsinana, aphunzitsi n'kutha mpweya ndi "khalani chete".

Chizolowezi chimenechi ndikuchidziwa komwe chinachokera. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero chinakwera kuchoka pa ana pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Makalasi anasefukira, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo, buku limodzi n'kumaunjikanirana ana ambirimbiri. Ambiri mwa ahedi a lero anaphunzira kapena kuyamba ntchito nthawi imeneyo, pamene buku linali chuma chosunga ngati ndalama. Koma ndi zaka makumi atatu zapitazo izi, abale. Kuyambira mu 2016 tili ndi National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, yomwe inadza kafukufuku wa kawerengedwe ka ana, wa EGRA uja, ataonetsa mu 2010 kuti ana oposa theka a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani kafupi ka Chichewa. Mabuku a Chichewa ndi Chingerezi anasindikizidwa ochuluka ndi cholinga choti mwana aliyense agwire lake. Tonse tinakhala pa TDC, malo ochitira maphunziro a aphunzitsi m'zoni, kuphunzitsidwa zimenezi, alawansi tinalandira, ena tinasayina kawiri. Lero wina andiuze kuti mabuku akudikira chilimwe?

Tsegulani buku la mphunzitsi lomwe muli nalolo. Phunziro lililonse linakonzedwa kuti aphunzitsi aonetse, kenako aphunzitsi ndi ophunzira achitire limodzi, pomaliza ophunzira achite okha. Gawo lomalizalo ndiye pamene mwana amaphunzirira kuwerenga, ndipo silitheka popanda tsamba patsogolo pake. Mukachotsa buku, phunziro limathera pa gawo lachiwiri tsiku ndi tsiku, pa kukuwira limodzi paja. M'chikonzero cha phunziro mulemba kuti zatheka, ahedi asayina, ine ndikabwera ndipeza sikimu ili bwinobwino, koma theka la nthawi linathera kukopera pa bolodi zomwe zinasindikizidwa kale, aphunzitsi atafulatira ana oposa zana. A ku Malawi Institute of Education ku Domasi sanalembe maphunziro amenewa kuti tizichita kuwakopera pakhoma.

Mtengo wake sitiuona chaka chomwecho, n'chifukwa chake timaupeputsa. Mwana woloweza amakhoza ndithu mayeso a pakamwa a Sitandade 1 ndi 2. Amayamba kuonekera poyera mu Sitandade 3 ndi 4, nkhani zikatalika, mafunso akafuna kuti awerenge yekha n'kuyankha m'kope. Akafika Sitandade 5, komwe maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi, aphunzitsi a kumeneko amalandira mwana yemwe ngakhale Chichewa chake chomwe amachita kuchigwiragwira, n'kuyamba kudandaula kuti a makalasi a m'munsi amangosewera. Mwanayo abwereza, abwerezanso. Makolo akaona kuti zaka zikupita koma kalata ya kutchalitchi kapena uthenga wa pafoni sangawawerengere, amayamba kuwerengera zina. Mnyamata amuuza kuti bola akapalire ganyu nyengo ya njala ino, mtsikana atsale akulera mng'ono wake. Amene apirira mpaka Sitandade 8 akakumana ndi mayeso a MANEB, ndipo kumeneko kulibe kandodo kolozera, kulibe mnzake woyambitsa mawu. Zotsatira zikatuluka timasonkhana n'kumaloza chala aphunzitsi a Sitandade 8, pamene mlandu unapalamulidwa zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, ndi loko wa pakabati.

Komanso musaganize kuti mabukuwo mukuwapulumutsa. Pasukulu ina ndinapempha kuti katoni ya pansi penipeni isunthidwe. Pansi pake panatsalira pasimenti. Chiswe chinali chitamanga tinjira tadothi kukwera khoma, n'kulowa m'katikati, moti mabuku a pamwamba ankaoneka atsopano koma ukawanyamula ankangoyoyoka. Ena anamatana ndi chinyezi, masamba achita nkhungu yakuda, ukatsekula amang'ambika okha. Pakabati makoswe anali ataswerapo. Ahedi anagwira pakamwa. Mabuku amenewo anaonongeka osawerengedwa ndi mwana ngakhale mmodzi. Buku lomwe lathothoka chikuto m'manja mwa mwana lagwira ntchito yake. Lomwe ladyedwa ndi chiswe likadali m'katoni ndi ndalama zotayidwa kawiri.

Nditakamba zimenezi pamsonkhano wa komiti ya sukulu ndi makolo, bambo wina wachikulire, mlimi wa chimanga ndi mtedza, anakweza dzanja ndisanamalize n'komwe. Anati, "A mlangizi, pepani ndikuduleni. Zimenezi zinandichitikira ine." Anafotokoza kuti chaka china analandira mbewu ya makono, paketi yosindikiza bwino, ndipo anaiona kukongola. Mvula yoyamba itagwa anakayika, anati mwina ndi yonama, ingapsereze mbewu yabwinoyi. Anabzala yamakolo ya m'nkhokwe, ya makonoyo n'kuipachika kudenga kudikira mvula yeniyeni. Kenako kunagwa maliro, kenako mayi a kunyumba anadwala, pomwe ankaikumbukira anzake anali akubandira. Anati aisunge ya chaka chamawa. Pofika Novembala winayo anapeza makoswe ataboola paketi, zotsalazo anabzala koma zinamera mwa apo ndi apo. Anthu anaseka, ine ndinkati wamaliza, koma anapitiriza. Anati mdzukulu wake anabwerapo ndi buku la sukulu kunyumba, mbuzi inadya ngodya imodzi, ndipo aphunzitsi anatumiza uthenga woti alipire, apo ayi mwanayo asabwere. "Ndiye kuyambira pamenepo, aphunzitsi, buku likabwera ine ndimalitsekera m'sutikesi mpaka tsiku lobweza. Inu mumatseka kwanu, ine ndimatseka kwanga." Apa sanaseke munthu.

Bamboyo anatchula chomwe ambiri sanena poyera, kuti nkhani yonseyi ndi mantha. Ahedi akuopa kuti oyendera sukulu akabwera kudzawerenga katundu apeza mabuku akuperewera. Aphunzitsi a kalasi akuopa ahedi, ndiye salola buku kutuluka. Kholo likuopa kulipitsidwa. Aliyense akudzitchinjiriza, ndipo amene akulipira ndi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri yemwe sanafunsidwe n'komwe. Ine pa ntchito yanga sindinalembepo lipoti loipa chifukwa choti mabuku akutha ndi kugwiritsidwa ntchito. Koma ndikapeza mabuku onyezimira mwezi wa Febuluwale, opanda ngakhale chidindo cha chala, pamenepo ndiye ndimalemba. Ndipo zoti ine ndikaonekera pamsewu mwana athamange kukatenga makiyi, mabuku agawidwe msangamsanga, zimenezo ndimaziona. Ana amene sanazolowere buku amadziwika ndi kagwiridwe, ena amayamba kulinunkhiza.

Palinso ena amene amati mabuku ndi ochepa, sakwanira aliyense, ndiye bola osagawa kuti ana asalimbirane. Inde, pali sukulu zomwe mabuku anatha kapena ana anachuluka kuposa omwe anabwera. Koma kodi mabuku makumi anayi ali m'kabati amathandiza ana angati? Ana atatu atazungulira buku limodzi, wapakati atagwira, onse akuloza, ali patsogolo kwambiri kuposa ana zana oyang'ana khoma.

Zochita zake si zachilendo, nonse mukuzidziwa. Tulutsani mabuku sabata ino, osati mvula ikatha. Aliyense alembedwe nambala m'kati mwa chikuto, nambalayo ilembedwe pambali pa dzina la mwana m'kope limodzi, aphunzitsi a kalasi asayine kwa ahedi. Wowerenga katundu akabwera mumuonetsa kopelo. Makiyi asakhale ndi munthu mmodzi. Kukutira, gwiritsani zomwe zilipo, ndi TALULAR yomwe ija, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera mwathu: mapepala a matumba a simenti, makalendala akale, matumba a feteleza omwe angotha kumene ntchito, koma muwachape kaye ndi kuwayanika. A gulu la amayi ndi ana a Sitandade 7 akhoza kumaliza kalasi yonse masana amodzi. Opita nalo kunyumba aliike m'kapaketi ka shuga kapena m'jumbo yolimba. Ngati simunafike polola kuti lipite kunyumba, ligawidwe m'mawa uliwonse ndi atsogoleri a magulu n'kutoleredwa poweruka, sizitenga mphindi zisanu ana akazolowera. Otsala mu ofesi akwezedwe pathandala, atalikirane ndi khoma, ndipo ndalama za SIG, za boma zotukulira sukulu zija, zikabwera komiti iganizireko mashelefu ndi kumata denga lodonthalo. Za kulipitsa makolo chifukwa cha tsamba long'ambika zisiyeni, matani ndi guluu kapena phala la ufa wa chinangwa, mwanayo aone mmene mukumatira. Buku likatayika ndithu, nkhaniyo ikambidwe ndi komiti, mwana asathamangitsidwe. Ndipo tsiku lililonse, phunziro lisanathe, sankhani ana asanu osiyana ndi adzulo, makamaka a kumbuyo, aliyense awerenge mzere umodzi m'buku mwake mosatsata ndondomeko, inu muchonge mayina. Kumsonkhano wa ahedi wa mwezi uno ku TDC aliyense abwere ndi kope la kagawidwe ka mabuku la kalasi iliyonse, kuyambira Sitandade 1 mpaka 4.