Momwe mungakatengere abale pagalimoto sitima zikaima chifukwa cha mphepo kuno ku UK

Usiku wa pa 21 January 2024, mphepo yamkuntho ya Isha ili mkati, mayi a kunyumba, ana athu awiri ndi apongozi anga anatsitsidwa pa siteshoni ya Carlisle, kumpoto kwa England. Ankachokera ku Manchester kubwerera kuno ku Glasgow, ndipo anangouzidwa kuti sitima yathera pomwepo. Apongoziwo anali atangotha milungu itatu chibwerereni kuchokera ku Dedza, chisanu cha kuno asanachizolowere. Ndinapita kukawatenga, ndipo nazi zimene ndingamuuze mnzanga aliyense zikamugwera.

Musanagwire makiyi, onani kaye chenjezo la Met Office, bungwe loona za nyengo kuno. Limabwera patatu: yellow, amber ndi red. Pa yellow mutha kuyenda mosamala. Pa amber, ngati mmene zinalili usiku umenewo, dzifunseni ngati palibiretu njira ina. Likafika pa red, monga pa 24 January 2025 ndi mphepo ya Éowyn pamene mafoni athu analira okha madzulo a dzulo lake kutichenjeza, musanyamuke ayi. Alipirireni abalewo chipinda pa hotela yapafupi ndi siteshoni, mukawatenge kukacha, ndipo chitani zimenezi msanga chifukwa aliyense wotsika sitimayo akufuna bedi lomwelo. Onaninso tsamba la Traffic Scotland, kapena National Highways ngati muli ku England, kuti mudziwe misewu imene yatsekedwa.

Kenako mapepala. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera tsiku limene munayamba kukhala kuno. Ngati mukubwereka galimoto ya mnzanu wa ku tchalitchi, musaganize kuti inshuwalansi yake ikukutetezani. Gulani ya tsiku limodzi pa intaneti, ku kampani yodziwika. Chonde, pewani anyamata aja a m'magulu a WhatsApp amene amati akupezerani inshuwalansi pa theka la mtengo. Pepala amakupatsani looneka bwino ndithu, koma apolisi akalowetsa nambala ya galimoto mu kompyuta, mulibe kanthu. Chilango chake ndi mapaundi 300 ndi mapointi 6 a chilango pa laisensi, ndipo galimotoyo akhoza kuilanda pamsewu pomwepo, ana ali m'kati.

Mafuta dzazani pa supamaketi musanalowe mu motorway, msewu waukulu wa liwiro, chifukwa a m'malo opumira a m'njira ndi okwera mtengo kwambiri. Ponyani kumbuyo mabulangete, fulasiki ya tiyi, buledi, tochi ndi chaja. Mipando ya ana musaiwale. Mwana wosakwana zaka 12, ngati sanafike masentimita 135, lamulo limafuna akhale pa mpando wake, ndipo mipandoyo imakhala yatsala kunyumba poti iwo anayenda pa sitima.

Tsopano pamene ine zinandivuta. Musananyamuke, gwirizanani malo amodzi okumanirana, muwatchule dzina, ndipo muwauze abalewo kuti asachoke pamenepo zivute zitani. Ine ndinangoti, "Ndikubwera, dikirani," n'kudula foni. Sindinafunse kuti batire yatsala bwanji. Foni ya mayi inali pa 9 peresenti, ana atakhala akuonera makatuni ulendo wonse, ndipo ya apongozi inali ndi simu ya kumudzi yosagwira kuno.

Kuchoka ku Glasgow kufika ku Carlisle ndi mamailosi pafupifupi 100, kutsata M74 kenako A74(M). Tsiku labwino simukwanitsa maola awiri. Usiku umenewo ndinatha atatu. Pakati pa maola amenewo, kunja kwa siteshoni kunabwera bambo wina ndi kaminibasi, akuitanira anthu a ku Glasgow pa mapaundi 40 munthu mmodzi. Analibe chikwangwani cha takisi, analibe kanthu. Mayi ataona apongozi akunjenjemera, manja atawabisa m'chitenje, anaganiza zondichepetsera ulendo, nakwera. Foni inazima akundilembera uthenga. Bamboyo atangodutsa malire kulowa mu Scotland anaopa mphepo, nawatsitsa onse pa malo opumira a ku Gretna, ndalama osabweza.

Ine ndinadutsa pa Gretna pomwepo osadziwa kanthu. Ndinafika pa Carlisle, ndinazungulira mapulatifomu onse, ndinasuzumira m'chipinda chodikirira, ndinafunsa aliyense wovala yunifomu. Palibe anawaona. Ndinaimba foni kosawerengeka, yosalowa. Mphindi 50 zimenezo sindidzaziiwala, mtima unali m'malere. Kenako panalowa nambala yachilendo, ndinamva mawu a mayi a kunyumba. Mayi wina wogulitsa khofi anali atawabwereka foni yake, ndipo mwamwayi mwana wathu wamkulu anali ataloweza nambala yanga pamtima.

"Abambo, tili pa Gretna, musadandaule, ana ali bwino."

Nditafika ndinapeza apongozi atakhala pa sutikesi, wamng'ono atamubereka kumbuyo ndi chitenje chija, jekete lawo atamufunditsa. Anangoti, "Mwafika bambo? Mulungu ndi wamkulu."

Ndiye chitani izi. Auzeni alembe nambala yanu papepala ndi cholembera, pepalalo alisunge m'thumba. Foni imodzi izimitsidwe, isungidwe. Ana asaigwire. Muzilankhulana pa nthawi yopangana, mwina pa ola lililonse, ndipo inu muziima pamalo opumira poimba. Akafuna kusuntha, kaya siteshoni ikutsekedwa kaya kwapezeka basi ya kampani ya sitima, ayambe akuuzani, ndipo asakwere kufikira mutayankha. Galimoto ya munthu wongoitanira pakhomo ayi, ngakhale atatchula mtengo wotsika bwanji. Afunse ogwira ntchito pa siteshoni ngati pali basi kapena takisi yokonzedwa ndi kampani, chifukwa nthawi zina imakhalapo ndipo salipiritsa.

Za kayendetsedwe mukuzidziwa. Malire a liwiro mu motorway ndi mamailosi 70 pa ola koma ine sindinapitirire 50. Pa chitunda cha Beattock mphepo imakankha galimoto cham'mbali, choncho chiwongolero gwirani ndi manja awiri, ndipo mathiraki ataliatali atalikireni. Madzi osefukira pamsewu musalowemo, masentimita 30 okha a madzi oyenda amanyamula galimoto. Tulo tikakugwirani pobwerera, imani mugone mphindi 20.

Matikiti a sitima asatayidwe. Ulendo ukathera panjira ndalama zimabwezedwa, mumangolemba fomu pa intaneti kumene munagula, n'kutumiza chithunzi cha tikiti. Ife tinalowa m'nyumba cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, ndipo fomuyo ndinalemba patapita masiku awiri.