Mmene mungakonzere bakkie yogwa kumbuyo popanda kutaya ndalama

Abale amene mumanyamula katundu pa Mbare Musika ku Harare kapena mumapita kumudzi kudzera ku Nyamapanda ndi Tete, Hilux kapena Isuzu yanu ikayamba kukhala pansi kumbuyo musathamangire ku Kaguvi Street kukagula ma shock, yambani mwayeza kaye. Shock siinyamula kulemera kwa galimoto, imanyamula ndi sipulingi; shock ntchito yake ndi kuletsa kudumphadumpha, ndiye ngakhale mugule yatsopano kumbuyoko sikukwera ayi.

Imikani galimoto pamalo osapendekeka ilibe katundu, matayala muwapope monga zalembedwera pa sitika ya pachitseko. Tengani tepi muyeze kuyambira pakati pa wilo mpaka pamlomo wa mudguard, mawilo onse 4, mulembe papepala. Kumbuyo kumayenera kukwererako kuposa kutsogolo, anaipanga dala choncho kuti ikasenza matumba a chimanga izikhala molingana, ndiye wokuuzani kuti muilinganize ilibe kanthu akukusocheretsani. Koma mbali imodzi ikatsika kuposa inzake pamenepo pali vuto.

Kenako lowani pansi ndi tochi, galimoto ikhale pa ma stand osati pa jeki yokha chonde. Yang'anani sipulingi iliyonse makamaka pafupi ndi centre bolt (bolt yapakati yogwirizira zitsulo za sipulingi) ndi ma U-bolt (omangira sipulingi ku axle), mng'alu umakonda kubisala pamenepo ndipo umadziulula ndi kafumbi kofiira ka dzimbiri. Onaninso ma bush (timphira ta kumapeto kwa sipulingi) ngati ang'ambika, ndi shock ngati yanyowa mafuta.

Sipulingi yothyoka musawotcherere, moto umafooketsa chitsulocho ndipo chidzathyokanso pa dzenje loyamba mvula ikangoyamba. Sinthani mbali zonse ziwiri, ma U-bolt muike atsopano. Apa ndi pamene amakaniko ambiri amafulumira: ma bolt a shackle (cholumikizira sipulingi ku chassis) amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa yaima pa matayala ake, mukamanga ili m'mwamba bush imapotokola nkung'ambika msanga. Mukayenda masiku angapo bwererani mukakhwimitsenso ma U-bolt aja.

Kutsogolo kukatsika, ngati ndi Nissan Hardbody kapena Isuzu KB yakale ya torsion bar (chitsulo chachitali chogwira ntchito ya sipulingi), zunguzani bolt yake yokwezera pang'onopang'ono mofanana mbali zonse mukuyeza, mukapitirira galimoto imauma ndipo ma ball joint (molumikizira mawilo akutsogolo) sachedwa kutha. Pomaliza kawongoletseni mawilo (alignment), ndipo nyale muziwongolenso zisamathobwe anzanu usiku. Mukawonjezera helper spring (sipulingi yothandizira), kulemera kololedwa kumakhalabe komwe kwalembedwa pa plate ya galimotoyo, ndipo katundu wolemera muziika kufupi ndi cab.