Nkhaka za mu viniga, adyo ndi dill: kakonzedwe ndi kasungidwe kake kuno ku Chigwa cha Shire

Nkhaka ikayamba kubereka m'dimba siyembekeza munthu. Lero mwathyola ndowa, mkuja ina yadzaza, ndipo kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, nkhaka yothyola m'mawa imayamba kufota dzuwa lisanalowe. Njira imodzi yopulumutsira zina mwa izo ndi kuziika mu msuzi wa viniga, mchere, adyo ndi dill (kachitsamba konunkhira kokometsera zakudya), n'kuzisunga mu furiji. Ambirife tinazolowera achali ya mango. Izi n'zachibale ndi achali, kungoti sizithiridwa mafuta, siziphikidwa, ndipo zikakonzedwa bwino zimalira kukutu m'kamwa.

Pali chinthu chimodzi choti mumvetse musanagule ndi botolo lomwe. Nkhaka zimenezi si zofanana ndi za m'masitolo zija zimakhala pa shelefu miyezi yambiri. Za m'sitolo amazitenthetsa zili kale m'botolo lotsekedwa, tizilombo tambiri n'kufera momwemo. Zathuzi zili ndi alonda awiri basi: kuwawasa kwa viniga ndi kuzizira kwa furiji. Ndiye poti kuno magetsi amathimathima, mlonda wachiwiriyu amaodzera kawirikawiri. N'chifukwa chake woyambayo, vinigayo, sitimuchepetsa mphamvu ngakhale pang'ono.

Viniga ndi muyeso wake

Gulani viniga woyera wa m'sitolo amene pa botolo pake palembedwa kuti mphamvu ya asidi ndi 5%. Werengani ndithu, musangoona mtundu wa botolo. Ngati nambalayo palibe kapena ndi yocheperapo, musiyeni, akagwire ntchito pa chipisi. Viniga wofulula nokha kunyumba, madzi a mandimu, a malambe kapena a bwemba amawawasadi pa lilime, koma lilime siliyesa asidi, ndipo lero akhoza kukhala amphamvu, mawa ofooka.

Muyeso ndi uwu: viniga gawo limodzi, madzi gawo limodzi. Mukhoza kuchulukitsa viniga kuposa madzi, koma osachulukitsa madzi kuposa viniga. Chifukwa chake n'chakuti m'dothi muli tizilombo totchedwa Clostridium botulinum, timene timatha kutulutsa poizoni wakupha m'chakudya chotsekeredwa mopanda mpweya chimene sichikuwawasa mokwanira. Tizilomboti sitikula ngati muyeso wa kuwawasa, pH, uli pansi pa 4.6, ndipo msuzi wa theka ndi theka wa viniga wa 5% umatsika kuposa pamenepo. Kumbukiraninso kuti nkhaka ndi madzi okhaokha, pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse. Ikalowa m'botolo imatulutsa madzi akewo n'kusungunula msuzi. Choncho amene wayamba ndi msuzi wofooka pofuna kuti viniga akwanire mabotolo ambiri amatsala ndi madzi amchere chabe. Ngati kuwawasa kwakuchulukirani, onjezani shuga. Shuga amaziziritsa ukali pa lilime koma asidi amakhala yemwe uja.

Pa botolo limodzi la lita imodzi pamafunika nkhaka zolemera magalamu 500 mpaka 600, viniga 250 ml, madzi 250 ml, mchere supuni yaikulu imodzi yosasefukira, shuga masupuni aang'ono awiri, timagawo ta adyo titatu kapena tinayi, ndi nthambi za dill zitatu kapena zinayi. Opanda kapu yoyezera angagwiritse ntchito botolo lagalasi la Fanta la 300 ml: lodzaza viniga kamodzi, lodzaza madzi kamodzi, mchere n'kuonjezerako pang'ono. Msuzi ukatsala palibe cholakwika. Okonda zowawa aponyemo kambuzi mmodzi wong'amba pakati. Mmodzi yekha, chifukwa ukali wake umakulirakulira tsiku ndi tsiku.

Madzi nawo ndi nkhani kuno kwathu. Mijigo yambiri ya m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere ndi olemera, aja sopo amakana kuchita thovu. Madzi otere amadetsa msuzi, amasintha kakomedwe, ndipo amafooketsako asidi. Funani madzi okoma, muwawiritse, muwasiye adikhe, kenako mutsanule apamwamba. Otsukira nkhaka akhalenso otetezedwa, owiritsa kapena othira klorini, makamaka ngati dimba limathiriridwa ndi madzi a mumtsinje kapena a m'dambo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa zokwanira pa zakudya zodya zosaphika.

Mchere wa m'paketi wokhala ndi ayodini ndi wabwinobwino ku thanzi, ngakhale wosalala kwambiri uja nthawi zina umachititsa msuzi kuoneka mbuu chifukwa cha mankhwala oletsa kuumbana amene amathiramo. Wamibulu woyera bwino umapereka msuzi woyera.

Poto wowiritsira msuzi asakhale wa aluminiyamu, kaya wogula m'sitolo kaya woumba amisiri a pamsika. Viniga amadya aluminiyamu, msuzi umada ndipo umamveka chitsulo. Wa chitsulo chosachita dzimbiri, kapena wa enamelo wosasupuka, ndiye woyenera.

Nkhaka, adyo ndi dill

Kulimba kwa nkhaka za m'botolo kumayambira kudimba. Thyolani m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo zilowe m'botolo tsiku lomwelo. Sankhani zanthete, zobiriwira bwino, zimene njere zake sizinakhwime. Yayamba chikasu, yanyala, kapena ili ndi kabala ka ntchentche ya zipatso ija imaikira mazira m'kati, isalowe, chifukwa imodzi yovunda imaononga botolo lonse. Mitundu yaifupi ya khungu la tiziphuphu ndiyo imalimba kwambiri mu viniga. Mitundu yaitali monga Ashley ndi Marketmore ndi yodyera yaiwisi, koma imathekanso mukaithyola isanakule n'kuidula mochindikala. Ngati munapopera mankhwala, dikirani masiku amene alembedwa pa botolo la mankhwalawo, chifukwa viniga sachotsa mankhwala ophera tizilombo.

Lawani kachidutswa ka nkhaka iliyonse. Kutentha ndi ludzu zimachititsa nkhaka kuwawa, makamaka mbali imene inagwira ku nthambi ndi m'khungu, ndipo kuwawako sikutha m'botolo. Yowawa pang'ono iduleni mbali imeneyo, yowawa yonse itayeni.

Kenako dulani kachidutswa kopyapyala, ngati mamilimita awiri, kunsonga kumene kunali duwa. Ambiri amanyozera zimenezi, chonsecho kunsongako kumakhala ma enzyme, kapena kuti timankhwala tachilengedwe, amene amafewetsa nkhaka, ndipo ndiwo amachititsa kuti pakatha sabata nkhaka zilobodoke ngakhale zonse munachita bwino. Ngati simukuzindikira nsonga ya duwa, dulani mbali zonse ziwiri. Mukatero ziviikeni m'madzi ozizira kwambiri, a ayezi ngati alipo, kwa ola limodzi. Kuno kotentha sitepe imeneyi musaidumphe.

Adyo wambiri amene timagula m'misika yathu amachokera kumadera ozizira. Sankhani wolimba, wosamera, wopanda chuku. Msendeni, mumuphwanye pang'ono ndi mpeni chogoneka kuti fungo lituluke, osamusinja, chifukwa wosinja amadetsa msuzi.

Dill ndi kachitsamba ka masamba ang'onoang'ono ngati ulusi, konunkhira, ka banja limodzi ndi karoti. Sikakonda kutentha, choncho m'chigwa muno kafeseni kuyambira Meyi mpaka Julayi, pamalo pomwepo pamene kadzakulire, chifukwa muzu wake ndi umodzi wolowa pansi ndipo sikapirira kuokera. Njere zikwirireni pang'ono chabe, theka la sentimita. Zimamera pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo masamba mumayamba kudula pakatha masabata 6 mpaka 8. Kukangoyamba kutentha kamathamangira kuchita maluwa. Wolima masamba ogulitsa amadandaula, koma kwa ife n'kupindula, chifukwa mutu wa maluwa ndi njere zake ndizo zimanunkhiritsa bwino msuzi kuposa masamba. Umitsani mituyo pamthunzi, mupukuse njere, musunge m'botolo louma. Mu Okutobala, dill wamuwisi atatha, supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri za njerezi zimakwana botolo la lita.

Kulongeza

Mabotolo agalasi a mayonezi, jamu kapena chiponde ndi abwino, bola asakhale ong'aluka pakamwa. Atsukeni ndi sopo, muwaike m'poto wa madzi ozizira, madziwo awire nawo limodzi kwa mphindi 10, kenako muwavundikire pa nsalu yoyera kuti aume. Botolo lozizira mukalithira madzi owira mwadzidzidzi limasweka.

Ikani viniga, madzi, mchere ndi shuga m'poto. Zikangowira ndipo mchere wasungunuka, phulani. Musasiye msuzi ukubwata nthawi yaitali, asidi amathawa ndi nthunzi. Usiyeni uzizire mpaka ufike pofunda chabe. Msuzi wotentha umalowerera msanga koma umaphikako nkhaka, ndipo ifetu tikufuna zokukuta.

Pamene msuzi ukuzizira, dulani nkhaka, kaya m'litali pa zinayi, kaya mozungulira mochindikala ngati theka la sentimita kapena kuposerapo. Pansi pa botolo ikani theka la adyo ndi dill, thithikizani nkhaka mothinana koma osaziphwanya, adyo ndi dill wotsala akhale pamwamba. Thirani msuzi mpaka nkhaka zonse zimire, kusiya mpata wa sentimita imodzi kukamwa. Gogodani botolo pang'onopang'ono kuti mpweya wobisala utuluke. Chidutswa choyandama pamwamba ndi chimene chimayamba kuchita chuku, choncho chikanikizeni ndi nthambi ya dill kapena chichotseni. Ngati chotsekera ndi chachitsulo, yalani kapepala kapulasitiki koyera pakamwa musanatseke, kuti viniga asachite nacho dzimbiri. Lembani tsiku pa botolo, ndipo lilowe mu furiji nthawi yomweyo.

Mafuta ophikira musathiremo. Mwambo wa achali umakopa, koma adyo wokutidwa ndi mafuta safikiridwa bwino ndi asidi, ndipo ndi malo amene tizilombo tija timakonda.

Zodula mozungulira zimayamba kukoma pakatha maola 24 mpaka 48, zodula m'litali masiku atatu kapena asanu, zathunthu sabata. Zidyedwe zithe m'masabata atatu kapena anayi.

Furiji ndi magetsi

Furiji izizizira madigiri 4 kapena kutsikirapo, koma osaumitsa. Botolo likhale m'kati chakumbuyo, osati pachitseko pamene pamafunda nthawi iliyonse mwana akatsegula kufuna madzi. Makomo ambiri ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula ali ndi furiji yaikulu youmitsa ija amasungiramo mafilizesi ndi nyama. Imeneyo si malo a nkhakazi. Madzi a m'nkhaka akauma amang'amba mnofu wake, ndipo zikasungunuka zimangokhala phala. Mtsuko wa dothi nawo, ngakhale umaziziritsa madzi akumwa, sufika madigiri 4.

Magetsi akathima, furiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, ndipo m'nyengo yotentha musayembekezere kuti ipitirira pamenepo. Khalani ndi mabotolo awiri kapena atatu a madzi oumitsa nthawi zonse. Magetsi akapita, aikeni pambali pa nkhaka n'kutseka chitseko. Msuzi wa theka ndi theka umapirira kuthima kwa maola ochepa. Koma kukakhala kuthima kwa masiku, monga zinachitikira namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, idyani nkhakazo tsiku loyamba lomwelo, mugawireko anansi, zotsala mutaye. N'chifukwa chake timalangiza mabotolo ang'onoang'ono, awiri kapena atatu pa nthawi, makamaka m'miyezi ya mvula.

Zimene mungaone m'botolo

Adyo akasanduka wobiriwira kapena wabuluu musachite mantha. Ndi sulufule wa mu adyo amene wakumana ndi asidi, ndipo sapweteka. Nkhaka zikakwinyika ndiye kuti mchere, shuga kapena viniga zinachuluka kwambiri, kapena nkhakazo zinali zofota kale, koma n'zodyeka. Za mphako m'kati zinakula choncho kudimba chifukwa cha kuthirira modukizadukiza kapena kukhalitsa zisanalongezedwe. Msuzi wa mbuu kuyambira tsiku loyamba nthawi zambiri ndi mchere kapena madzi.

Koma msuzi umene unali woyera n'kudzachita mbuu patapita masiku, nkhaka zoterera ngati therere, thovu lokwera lokha, chotsekera chotukumuka kapena cholira potsegula, chuku pamwamba, fungo lachilendo, zonsezi zikutanthauza kutaya botolo lonse. Osalawa, osayengula chuku n'kudya zapansi, ndiponso osapatsa nkhumba kapena nkhuku.

Potapa gwiritsani ntchito foloko yoyera ndi youma, osati zala kapena supuni yochokera m'ndiwo, ndipo botolo libwerere mu furiji musanayambe kudya. Nkhaka zikatha, msuzi wotsala musaikemo nkhaka zatsopano, chifukwa wasungunuka kale. Uthireni pa saladi ya kabichi ndi anyezi, kapena muviikemo nyama ya mbuzi musanaotche.

Nkhakazi zimayenda bwino ndi zakudya zonona: kanyenya, mlamba wokazinga, makakana owamba, chipisi cha pachiwaya, ngakhale pa buledi. Mchere ndi wambiri ndithu, choncho odwala BP ndi impso adye tizidutswa tiwiri kapena titatu basi.

Amene akuganiza zogulitsa, kaya ndi gulu la amayi kaya munthu payekha, adziwe kuti katunduyu sangayalidwe padzuwa pa Thabwa kapena pa Dyeratu ngati tomato. Ayenera kuchoka mu furiji yanu, kuyenda m'bokosi la ayezi, n'kukalowa mu furiji ya wogula, monga malo ogona alendo kapena odyera. Pa botolo palembedwe tsiku lokonzera, tsiku lothera ndi mawu akuti lisungidwe mu furiji, ndipo chakudya chopakira chogulitsa m'masitolo chimafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Yambani mwafunsa wogulayo ngati furiji yake ili ndi jenereta kapena sola musanamusiyire mabotolo opitirira a sabata imodzi.