Maola 72, maola 48 ndi miyezi itatu: nthawi zomwe wophunzira wa pa koleji asamaziiwale

Wophunzira wolakwiridwa amakhala ndi lamulo kumbali yake, koma dandaulo lake limatha kufera panjira chifukwa anachedwa, kapena anafufuta uthenga womwe ukanamuikira umboni. Zotsatirazi n'zothandiza kwa aliyense wophunzira ku Malawi, kaya ndi ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo kapena pa koleji yoima payokha.

Tiyambe ndi nkhani yomwe ambiri amangonong'onezana m'mahositelo, ya mphunzitsi wofuna thupi lanu kuti akupatseni malikisi. Gawo 6 la lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa mchitidwewu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 komanso zaka zisanu kundende. Sikofunika kuti achite kukugwirani. Mawu, mauthenga ndi kukuopsezani kuti mulephera mayeso zikukwanira.

Musafufute kalikonse, ngakhale kakukunyansani bwanji. Jambulani uthenga uliwonse wa pa WhatsApp nthawi yomweyo, nambala yake ndi tsiku zikuoneka, chifukwa wotumiza akhoza kuufufuta mbali zonse ziwiri. Zithunzizo zitumizeni ku imelo yanu, poti foni imabedwa. Gulani kope laling'ono ndipo muzilembamo tsiku, nthawi, malo, mawu omwe ananena komanso yemwe analipo. Zolemba tsiku lomwelo zimalemera kuposa zokumbukira patapita miyezi inayi. Sungani mapepala onse omwe anakuchongerani kale pa phunzirolo: akadzakulepheretsani mwadala, ndi amene adzaonetse kuti munkakhoza. Mukaneni kamodzi, polemba, mwachidule, kuti asadzanene kuti mumagwirizana. Akakuitanani ku ofesi ntchito itaweruka, pitani ndi mnzanu.

Dandaulo lanu likhale lolemba, osati lapakamwa. Litengereni ku ofesi ya mkulu woona za ophunzira kapena kwa rejisitirala, mapepala awiri, ndipo lina alidinde n'kulemba tsiku, mubwerere nalo. Popanda chidindocho, ndi zophweka kukuuzani kuti kalata yanu sinafike. M'kalata momwemo pemphani kuti mayeso anu achonge munthu wina. Kudandaula pa koleji sikukutsekerani njira ya kupolisi, ndipo simufunika chilolezo cha aliyense kuti mupite ku Victim Support Unit, nthambi ya apolisi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Chomwe sitikulangizani n'kuthamangira kulemba dzina la munthuyo pa Facebook. Mtima umaphwa tsiku limodzi, koma mumamupatsa mpata wokusumirani kuti mwamuipitsira mbiri, nkhani n'kutembenukira kwa inu.

Ngati mwagwiriridwa, chipatala ndiye choyamba, zina pambuyo. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira mpaka maola 120, koma mphamvu yake imachepa tsiku lililonse lomwe mwachedwa. Ngati mungathe, musasambe musanaonedwe. Zovala zomwe munavala muziike m'thumba la pepala, osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi chomwe chimaononga umboni. Ngati mwasamba kale, pitanibe. Zipatala za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba Central ndi Mzuzu Central zili ndi malo a Chikwanekwane, komwe thandizo la chipatala, la apolisi ndi uphungu zimapezeka pamodzi. Nambala yaulere ya 5600 imalandira nkhani za nkhanza zoterezi. Anyamata nawonso zimawachitikira, ndipo PEP ndi yomweyo.

Nanga mukakhala inuyo woimbidwa mlandu, monga wobera mayeso, ndewu kapena kuswa katundu? Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu ufulu woti chiganizo chomukhudza chipangidwe mwachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zake polemba. Pemphani kuti mlandu ulembedwe ndipo utchule lamulo lenileni la m'buku la malamulo a ophunzira lomwe akuti mwaswa. Pemphani umboni womwe ali nawo ndi nthawi yokonzekera. Bwerani ndi mboni zanu. Amene wakunenezani akhoza kudzaperekera umboni, koma asakhale m'gulu loweruza, ndipo mukaona zotero nenani pomwepo kuti zilembedwe. Musanyanyale tsiku la mlandu pofuna kuonetsa mkwiyo, chifukwa komiti ikhoza kugamula inu kulibe, ndipo mudzavutika kunena kuti sanakumveni. Musasaine chikalata chomwe simunachiwerenge mpaka kumapeto.

Chigamulo chikatuluka, onani m'buku lomwe lija masiku omwe mwapatsidwa ochitira apilo, chifukwa nthawi zambiri amakhala ochepa. Ngati ndi yunivesite ya boma, khoti lalikulu likhoza kuunikanso momwe chiganizocho chinapangidwira, koma pempho liyenera kufika mwachangu, isanathe miyezi itatu. Ambiri amataya miyezi imeneyi akupepesa m'maofesi. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Ofesi ya Ombudsman ndi Malawi Human Rights Commission zimalandiranso madandaulo kwaulere.

Za zionetsero tingonena zochepa. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino limalola kusonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Lamulo la apolisi limafuna kuti okonza adziwitse bwanamkubwa polemba kusanatsale maola ochepera 48. Mwala umodzi ukaswa galasi, chitetezo cha gawo limenelo chimathera pomwepo kwa woponyayo. Mukamangidwa, gawo 42 la malamulo aakuluwo likuti apolisi akuuzeni chifukwa chake m'chilankhulo chomwe mukumva, muli ndi ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya, ndipo akufikitseni kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamlungu kapena tchuthi. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Lowezani pamtima nambala imodzi ya m'bale wanu, poti foni salowa nayo m'chitokosi.

Okhala kunja kwa sukulu, monga ku Chikanda ku Zomba, musanalipire lendi yesani loko, mawindo ndi nyali ya panja, ndipo funsani kuti makiyi ena ali ndi ndani. Ikani loko wanu. Landilodi azikupatsani lisiti mwezi uliwonse. Lembani nambala ya laputopu yanu yomwe ili kunsi kwake n'kuisunga kwina, chifukwa ikabedwa n'kupezeka, imeneyo ndi yomwe idzatsimikize kuti ndi yanu. Pochoka ku laibulale usiku muziyenda atatu kapena anayi, ndipo mukhale ndi nambala ya wakabaza mmodzi womudziwa, yemwe anzanu akumudziwanso.